Lipoti la nkhani: Wakabaza wovulala pamsewu wa M1 yemwe anabanika magazi ataleka kale kutuluka

Chidule

Lipotili ndi la bambo wa zaka 28, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, yemwe anawombedwa ndi galimoto pamsewu wa M1 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Anafika pachipatala chathu chaching'ono atathyoka mwendo, fupa litaboola khungu, magazi akutuluka kwambiri. Magaziwo tinawaletsa. Koma patadutsa mphindi zoposa 20 chifikireni anayamba kubanika chifukwa cha mpweya womwe unkaunjikana m'chifuwa, vuto lomwe silinkaonekera pomwe ankafika. Anapulumuka, ndipo mwendo wake sunadulidwe.

Ndine clinical officer, ndipo ndalembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala zopanda eksire, zopanda fiyeta ndi zopanda nkhokwe ya magazi, komanso aliyense yemwe angapezeke woyamba pamalo a ngozi. Mwini wake anavomera kuti nkhani yake ilembedwe. Dzina lake, kwawo ndi zina zomwe zingamuzindikiritse ndazisiya dala.

Zomwe zinachitika pamsewu

Ngoziyi inachitika madzulo ena m'mwezi wa June, 6 koloko itangodutsa, pakati pa Kanengo ndi Lumbadzi. Imeneyi ndi nthawi yomwe anthu akuweruka ku mafakitale, mdima ukuyamba, ndipo malole, maminibasi, njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi oyenda pansi onse akulimbirana msewu umodzi. Wakabazayo ananyamula mayi wina. Pikapu yomwe inkapitirira lole inalowa mbali yawo n'kumuwomba iye mwendo wakumanja. Anaponyedwa n'kugwera nthiti zakumanzere pamphepete pa ngalande. Anali atavala helimeti ndipo lamba wake anali womanga. Mayi uja analibe.

Malinga ndi omwe anawabweretsa, anthu onse anathamangira kwa mayiyo. Ankalira mokuwa, kumaso konse kuli magazi ochokera pabala la m'mutu, dzanja litapindika. Wakabaza anangogona phee pambali. Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo sindikuwanena anthuwo, chifukwa khutu limatsata kulira. Koma munthu wokuwa watiuza kale zinthu zitatu: kukhosi kwake kulibe chotsekereza, akupuma, ndipo magazi akufika ku ubongo. Wachete ndiye sanatiuze kanthu.

Atamutembenukira, wina anamuthira ndowa ya madzi kuti atsitsimuke. Wina ataona magazi anamasula mphira wa chubu womangira katundu panjinga n'kumukulunga nawo mwendo pamwamba pa bala. Maganizo anali abwino, koma magazi anangowonjezeka. Chifukwa chake n'chakuti mitsempha yobweza magazi kumtima ndi yofewa ndipo imatsekeka msanga, pomwe yochokera kumtima ili m'kati ndipo imakankha mwamphamvu. Chomangira chosathina mokwanira chimatseka njira yobwerera yokha, magazi n'kumalowabe m'mwendo, ndipo potulukira pake pamakhala pabala pomwepo.

Yemwe anasintha zinthu ndi mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anavula chitenje chapamwamba, anachipindapinda, n'kuchikanikiza pabalapo ndi manja onse awiri, atagwada, thupi lonse litatsamira pamenepo. Wina atabwera ndi botolo la chakumwa kuti amumwetse, mayiyo anakana. Anakwera nawo kumbuyo kwa pikapu ina yomwe inawanyamula, ndipo sanachotse manja njira yonse. Wovulalayo anamukweza atamugwira mikono ndi miyendo, khosi likulendewera, monga zimakhalira nthawi zambiri. Mwamwayi msana wake unali wabwino.

Atafika kwa ife

Anafika 18:50, patadutsa mphindi pafupifupi 40 chichitikireni ngozi. Tinalipo ine, anamwino awiri, wothandizira odwala m'modzi ndi mlonda. Namwino m'modzi anapita kwa mayi wokwera uja, ife tinatsalira kwa wakabaza.

Mayi wa tomato anandiuza asanasunthe: "Adokotala, ndikangochotsa dzanja magazi akutumphuka." Ndinati: "Musachotse mayi, gwiranibe chomwecho mpaka ndikuuzeni."

Zomwe tinayeza koyamba zinali izi. Mtima unkagunda ka 128 pamphindi. BP inali 98/70. Ankapuma ka 28 pamphindi, okosijeni pachala 93 peresenti, kutentha kwa thupi 35.1. Manja anali ozizira ndi onyowa, ndipo nditakanikiza chikhadabo panatenga masekondi 4 kuti chifiirenso. Ankayankha, koma ankabwereza funso limodzimodzi lakuti njinga ili kuti.

Ndikufuna ndikhalitse pa BP imeneyi, chifukwa yanamiza ambiri. Wina akaona 98 amati zikadali bwino. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 70 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye bambo wochepa thupi ngati uyu, wolemera makilogalamu 60 kapena kuposerako pang'ono, ali ndi malita 4 ndi kanthu. Wachinyamata wamphamvu akhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi amenewa BP isanagwe, chifukwa thupi limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo n'kuthamangitsa mtima. Zizindikiro zoyamba ndi mtima wothamanga, manja ozizira, ludzu ndi kusakhazikika. Njira yachidule ndi kuyerekeza manambala awiri: kugunda kwa mtima kukaposa nambala yapamwamba ya BP, wodwalayo wataya magazi ambiri. Apa zinali 128 ndi 98.

Dongosolo lomwe timatsata ndi lija la ABCDE: njira ya mpweya, kupuma, kuyenda kwa magazi, ubongo, kenako kuvula wodwala n'kumuona thupi lonse. Linafala kudzera m'maphunziro a ATLS, ophunzitsa madokotala kusamalira ovulala kwambiri, omwe anayamba mu 1978 ku Nebraska, dokotala wa mafupa James Styner atachita ngozi ya ndege ndi banja lake mu 1976 n'kuona momwe chithandizo choyamba chinkaperewera. Ndi dongosolo lomwelo lomwe lili m'maphunziro a Basic Emergency Care omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe la Red Cross la ICRC anatulutsa mu 2018. Masiku ano timaphunzitsanso kuti ngati magazi akutumphukira kunja, amenewo ndiwo oyamba, A asanafike. Ndi momwe tinachitira.

Ndinalowetsa gozi m'kati mwa bala mpaka kudzaza, n'kukanikiza. Bala linali masentimita ochepa pansi pa bondo, ndipo magazi ofiira kwambiri anapitirira kunyowetsa gozi. Tourniquet yogula, lamba womanga mwendo kapena mkono mothina kuti magazi aleke, tilibe. Chomangira cha makina a BP chimatha kugwira ntchitoyi, koma makinawo tinali nawo amodzi ndipo tinkawafuna poyeza. Choncho tinapinda nsalu yolimba kuti ikhale yotambalala masentimita pafupifupi 5, tinaikulunga kawiri pantchafu, pamwamba pa bondo osati pabondo penipeni, tinamanga mfundo, tinaikapo kamtengo kolimba n'kumanganso, kenako kupotokola. Timapotokola mpaka magazi ataleka, osati mpaka wodwala atalira, pakuti amalira magazi asanaleke. Ataleka tinamangirira kamtengoko kuti kasabwerere, n'kudula mphira uja. Namwino analemba nthawi, 18:55, papulasitala n'kumata pachipumi pa wodwalayo. Apa m'pomwe mayi wa tomato anachotsa manja, ali dzanzi.

Njira ya mpweya inali yotseguka popeza ankalankhula bwinobwino. Khosi tinaligwira ndi manja, tinavula helimeti anthu awiri, wina atagwira nsagwada ndi kumbuyo kwa khosi, wina akukoka pang'onopang'ono. Kolala ya khosi tinalibe, ndiye tinapinda matawulo awiri n'kuwaika uku ndi uku kwa mutu, n'kumata pulasitala kuchokera pachipumi kufika pamachira.

Pa kupuma, nthiti zakumanzere zinali zopweteka kwambiri zikakhudzidwa, ndipo ndi stethoscope mpweya unkamveka mbali zonse, ngakhale kumanzere unali wocheperako. Tinamuika okosijeni wa pamakina, malita 5 pamphindi, ndipo nambala inakwera kufika 96. Ndinauza namwino kuti chifuwachi tizichibwerera mphindi 5 zilizonse.

Tinaika makanula (timapaipi tolowetsa mumtsempha) awiri aakulu, nambala 16, mkono uliwonse. Dripu ya Ringer's lactate tinaipereka pang'onopang'ono, mamililita 250 nthawi imodzi, n'kumaona ngati kugunda kwa pamkono kukumveka. Sitinkafuna BP ya 120. Madzi ambiri a dripu amasungunula magazi otsalawo, amaziziritsa thupi, ndipo akakweza BP mwadzidzidzi amachotsa magazi omwe ayamba kuundana pabala. Kwa wodwala yemwe sanavulale kwambiri m'mutu, nambala yapamwamba ya 80 mpaka 90 ndi yokwanira kufikira atapeza magazi ndi opaleshoni. Yemwe wavulala ubongo ndiye amafuna BP yokwererapo.

Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, tinakatenga ku mbali ya amayi oyembekezera, komwe amasungira othandizira amayi otaya magazi akabereka. Tinapereka galamu imodzi mumtsempha kwa mphindi 10. Kafukufuku wa CRASH-2, yemwe anatuluka mu 2010 ndipo anakhudza ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa imfa. Atawunikanso zotsatira anapeza kuti amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe, makamaka ola loyamba, ndipo akachedwa kuposa pamenepo akhoza kuwononga. Ndi otsika mtengo ndipo safuna firiji. Ndimaona kuti malo ake ndi m'chipinda cholandirira ovulala, osati kumateniti kokha.

M'mimba munali mofewa. M'chiuno anadandaula kupweteka nditakhudza kamodzi, ndipo sindinabwereze kugwedeza, chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka munthu akhoza kutayira m'kati malita awiri a magazi kapena kuposa popanda dontho kuoneka panja. Tinadutsitsa chitenje pansi pake n'kuchimanga zolimba molingana ndi mafupa otuluka m'mbali, pomwe ntchafu zimayambira, osati m'mwamba momwe mumadutsa lamba wa buluku. Pamuyeso wa Glasgow, woyeza momwe ubongo ukugwirira ntchito, anapeza 14 pa 15. Mwanadiso wa kumanja ndi wa kumanzere anali ofanana, manja ndi zala za phazi labwino zinkayenda, shuga anali bwino.

Kenako tinadula zovala zonse zonyowa. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo usiku wa June umazizira. Munthu wothiridwa madzi, wonyamulidwa kumbuyo kwa pikapu mphepo ikumuomba, wotaya magazi, amazizira msanga, ndipo magazi ozizira saundana bwino. Ndowa ya madzi ija sinamutsitsimutse, inamuwonjezera kutaya magazi. Tinamutembenuza anthu anayi, mutu, mapewa ndi chiuno zikuyendera limodzi, n'kuona kumsana kuti kulibe bala, kenako mabulangete awiri, lina pansi lina pamwamba. Mwendo tinaumangirira pamakatoni olimba opindidwa. Tinapereka ceftriaxone wopha tizilombo magalamu awiri, katemera wa kafumbata, ndi ketamine pang'ono wochepetsa ululu. Diclofenac sitinapereke, chifukwa kwa wotaya magazi amawononga impso.

Mkulu wake anali atafika. Anandigwira pamkono: "Adokotala, mpatseniko madzi mng'ono wangayu, akuti kukhosi kwauma." Ndinawafotokozera kuti ludzulo ndi la kutaya magazi, madzi akulowera padripu, ndipo akamwa akhoza kusanza n'kutsamwa, kapena kuvutika pomugoneka ku fiyeta. Anamva. Ndinawapempha kuti ayime kumutu n'kumamulankhula.

Pomwe zinthu zinatembenuka

Cha m'ma 19:12, foni yoitanira ambulansi itaimbidwa kale, chipinda chitayamba kukhala bata, mkulu wake uja anati: "Anesi, akuchotsa chapamphunochi." Wodwalayo ankavula chophimba cha okosijeni, akufuna kudzuka, akuti akubanika. Ankapuma ka 38 pamphindi. Okosijeni inatsika kufika 82. Mtima unafika 146, BP yapamwamba 74, ndipo pamkono kugunda sikunkamvekanso.

Apa maganizo oyamba a aliyense amathamangira ku magazi: mwina tourniquet yamasuka, mwina akutayira m'mimba, tsegulani dripu. Ndi maganizo omveka, ndipo n'chifukwa chake lamulo limati wodwala akasintha, bwererani poyambira. Mwendo unali wouma. Kukhosi kunalibe chotsekereza. Titavundukula bulangete pachifuwa, mbali yakumanzere inali yotukuka ndipo sinkayenda popuma. Ndi stethoscope kunali zii. Nditagogoda ndi chala kunalira mosonyeza kuti m'katimo mwadzaza mpweya, ndipo pansi pa khungu la m'khwapa munkamveka timathovu tikuphulika pansi pa zala.

Nthiti yothyoka inali itabaya papo. Akakoka mpweya, wina unkathawira pakati pa papo ndi khoma la chifuwa, ndipo sunkabwereranso, monga momwe valavu ya chubu cha njinga imalolera mpweya kulowa koma osatuluka. Mpweyawo ukachuluka umafinya papo, kenako umakankha mtima ndi mitsempha ikuluikulu yobweza magazi, mtima n'kumagunda wopanda chopopa. Vutoli limatchedwa tension pneumothorax, ndipo limapha m'mphindi zochepa.

M'mabuku mumalembedwa kuti mitsempha ya m'khosi imatupa ndipo kholingo limapatukira mbali ina. Kwa wodwala wathu mitsemphayo inali yophwa, popeza analibe magazi okwanira kuitupitsa, ndipo kholingo linkaoneka pakati. Kupatuka kwa kholingo kumabwera mochedwa. Wodikira zizindikiro ziwirizi, kapena wodikira eksire, amataya wodwala. Kubanika, mbali imodzi yachete, ndi BP yogwa mwa munthu wovulala pachifuwa n'zokwanira.

Ndinatenga kanula wamkulu, nambala 14, ndinapukuta khungu, n'kubaya pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, kutsogolo pang'ono kwa mzere wotsika pakati pa khwapa, molingana ndi nsonga ya bere, ndikutsata mphepete yapamwamba ya nthiti yapansiyo, popeza mitsempha imadutsa kunsi kwa nthiti iliyonse. Malo ena odziwika ndi kutsogolo, pakati pa nthiti yachiwiri ndi yachitatu, koma kwa akuluakulu khoma la m'mbali nthawi zambiri limakhala lopyapyala. Mpweya unatuluka ndi mkokomo womwe aliyense m'chipindamo anaumva. Ndinachotsa singano n'kusiya kapulasitiki kake. Pasanathe mphindi ziwiri kugunda kwa pamkono kunabwerera, okosijeni inafika 93, BP 92/60, ndipo analeka kulimbana nafe.

Ulendo wa ku Central

Kanula amangogula nthawi. Amapindika, amatsekeka ndi magazi, amasolola. Chofunika ndi chubu cha m'chifuwa cholumikizidwa ku botolo la madzi, ndipo ife tinalibe. Choncho ndinakwera nawo ndekha mu ambulansi, nditanyamula makanula ena atatu m'thumba, silinda yaing'ono ya okosijeni ndi tochi.

Tisananyamuke ndinaimba foni ku Kamuzu Central Hospital, komwe timatumiza ovulala otere, ndipo ndinanena mwachidule: bambo wa zaka 28, wanjinga yamoto wowombedwa ndi galimoto cha m'ma 18:10, mwendo wakumanja wothyoka ndi bala lotseguka, nthiti zakumanzere, tikukayikira chiuno, manambala omaliza ndi awa, tourniquet kuyambira 18:55, chifuwa chabooledwa 19:15, tranexamic acid waperekedwa, dripu yosakwana lita imodzi, afunika magazi ndi chubu. Zomwezo ndinazilemba papepala lomutumizira. Foni imeneyi imatenga mphindi imodzi, koma imapangitsa kuti wodwala apeze anthu akumudikira.

Tinanyamuka 19:35. Ndinapempha adalaivala kuti asathamange mopitirira, makamaka pamahampu, chifukwa kugwedezeka kumasokoneza fupa lothyoka ndi magazi oundana. Titadutsa Kanengo anayambanso kupuma mothamanga ndipo okosijeni inatsika kufika 86. Kanula anali atapindika. Tinaima pambali, ndinabaya wina pafupi ndi woyambayo, mpweya unatulukanso, ndipo anakhazikika. Akanapita ndi mkulu wake yekha ndi dalaivala, sindikhulupirira kuti akanafika wamoyo. Tourniquet sindinaimasule panjira. Chizolowezi chakale chomasula pakapita mphindi zingapo kuti mwendo upume chinasiyidwa, chifukwa kumasula kulikonse ndi magazi ena otayika.

Tinafika 20:05. Anamuika chubu m'chifuwa nthawi yomweyo, ndipo munatuluka mpweya ndi magazi pang'ono. Hb, muyeso wa chofiiritsa magazi chomwe chimanyamula okosijeni, yomwe ife tinayeza atangofika inali 11.8, koma kumeneko inapezeka 7.9. Hb yoyamba siuza zoona, chifukwa munthu amataya magazi athunthu ndipo otsalawo amakhala asanasungunuke. Anayamba kumuika magazi, ndipo tourniquet inamasulidwa ku fiyeta cha m'ma 20:40, maola awiri asanakwane, madokotala a opaleshoni ali pomwepo kuti amange mtsempha womwe unaduka.

Zotsatira

Eksire inaonetsa nthiti zitatu zothyoka kumanzere ndi mafupa onse awiri a pansi pa bondo. Chiuno ndi khosi zinali zabwino, ndipo chitenje chija anachimasula. Sindikuona kuti chinamangidwa pachabe: kumanga chiuno chabwino kwa maola ochepa sikuwononga kanthu, pomwe kusiya chothyoka kumapha. Bala analitsuka ku fiyeta kawiri ndipo mwendo anaugwiriza ndi zitsulo za kunja. Analandira mapaketi atatu a magazi. Chubu cha m'chifuwa chinachotsedwa tsiku lachisanu, ndipo anatuluka patatha pafupifupi milungu itatu.

Anabwera kwa ife kudzatsukitsa mabala. Phazi linkamva kukhudza ndipo zala zinkayenda. Patatha miyezi itatu ankayenda ndi ndodo ziwiri, fupa likulumikizana pang'onopang'ono. Ntchito anali asanayambe, njingayo inali ya bwana wake, ndipo pakhomo ankadalira geni ya mkazi wake. Mayi wokwera uja tinamusoka bala la m'mutu, tinamumangirira dzanja, tinamuyang'anira usiku wonse chifukwa anagunda mutu wopanda helimeti, ndipo m'mawa anapita kukaikidwa chikhakha.

Zomwe ndikuona pa nkhaniyi

Pa zonse zomwe zinachitika asanafike ku Central, palibe chinafuna makina odula. Zinali chitenje, nsalu, kamtengo, matawulo, makatoni, mabulangete ndi makanula. Chomwe chinali chovuta ndi kuchita zinthu motsatana, ndi kubwereranso kukayeza zomwe tinali titayeza kale. Kwa ine pamenepa ndiye pagona nkhani. Bala loonekera limakoka maso a aliyense, ndipo likatha kumangidwa mitima imakhala pansi, anthu amayamba kulemba mafomu ndi kufunsa za lipoti la apolisi. Wodwala wathu anatsala pang'ono kufa nthawi imeneyo, mwendo uli womangidwa bwinobwino. Kuyeza kamodzi pofika ndi chithunzi cha mphindi imeneyo yokha. Wovulala kwambiri ayenera kuyezedwa mphindi 5 zilizonse, ayezedwenso akasunthidwa, akapatsidwa mankhwala, ndiponso wachibale akangonena kuti akuoneka mwachilendo. Apa woyamba kuona anali mkulu wake, osati ife.

Anzanga ena amafunsa za kutsitsimutsa mtima pokanikiza pachifuwa, popeza ndi chomwe ambiri amakumbukira akachoka ku maphunziro. Lamulo lake silinasinthe: munthu akapanda kuyankha ndipo sakupuma bwino, mgonekeni chagada pamalo olimba, kanikizani pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pamphindi, kulowa masentimita 5 mpaka 6, ndipo ngati mwaphunzira, muzimupumira kawiri mukakanikiza ka 30. Koma kwa wovulala pangozi, mtima nthawi zambiri umaima chifukwa magazi atha, mpweya watsekeka kukhosi, kapena chifuwa chafinyika. Kukanikiza mtima wopanda magazi sikubweza munthu. Wodwala wathu akanakomoka 19:15, chomupulumutsa chikanakhala singano ija, osati manja pachifuwa. Ife azachipatala tizichotsa choyambitsa nthawi yomweyo: kuletsa magazi, kutsegula njira ya mpweya, kuboola chifuwa. Ndipo kwa wokomoka yemwe akupuma koma akuliza mkonono, vuto nthawi zambiri ndi lilime lomwe lagwera kumbuyo. Kukankhira nsagwada kutsogolo ndi zala, mutu osaupendeketsa, kumatsegula njira popanda kusuntha khosi. Akayamba kusanza, mtembenuzeni chammbali thupi lonse pamodzi, wina atagwira mutu.

Mphindi 40 zoyamba sizinali m'manja mwa wachipatala aliyense. Lipoti la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kuno kwathu ofika koyamba pangozi ndi akabaza anzawo, ogulitsa m'mbali mwa msewu, makondakitala ndi apolisi apamsewu, ndipo ovulala ambiri omwe timalandira amabwera pagalimoto ya wodutsa. Anthu amenewa safuna kuthandiza molakwika. Wothira madzi ndi womanga mphira anachita zomwe ankadziwa. Mayi wa tomato anandiuza kuti anangoonerapo kamodzi kutchalitchi kwawo, pomwe kunabwera ophunzitsa chithandizo choyamba, ndipo chomwe anagwira m'mutu n'chakuti ukakanikiza usamasuzumire. Kamodzi komweko kanasunga magazi omwe anamufikitsa bamboyu pakhomo pathu.

Palinso mantha omwe ndimawamva kawirikawiri, akuti ukanyamula wovulala udzavutika ndi mafunso, kapena akuti kuchipatala salandira wangozi popanda kalata ya apolisi. Mantha amenewa amachedwetsa anthu panjira. Wotaya magazi apite kuchipatala choyamba, zolemba zibwera pambuyo, ndipo ife olandira tiyenera kuwathokoza omubweretsawo kuti mawa adzanyamulenso wina.

Pachipatala pathu tsopano tinakonza bokosi limodzi lomwe limakhala pakhomo la chipinda cholandirira odwala. Muli gozi wambiri, nsalu ziwiri zopindiratu ndi timitengo take, makanula a nambala 14 ndi 16, tranexamic acid, lumo lodulira zovala, pulasitala ndi cholembera, zitenje ziwiri ndi bulangete. Namwino wa usiku amaliwerenga polandira ntchito. Tinalankhulanso ndi atsogoleri a akabaza a pasiteji yapafupi, ndipo anavomera kuti tizikumana nawo Loweruka lina masana, ntchito ikachepa. Timawaphunzitsa zochepa zokha, ndi manja osati pabolodi: kuimitsa magalimoto kuti pasachitike ngozi yachiwiri, kuyamba ndi wachete, kukanikiza bala osasiya, kumanga mwendo ndi nsalu yotambalala ndi kamtengo kukanikiza kukalephera n'kukumbukira nthawi, kusathira madzi kapena kumwetsa, kufunditsa, ndi kunyamula anthu anayi wina atagwira mutu. Ambiri amavala magolovesi a njinga ong'ambika, ndiye timawauza kuti jumbo yoyera yovala kumanja imawateteza ku magazi a munthu wina. Funso lomwe amafunsa kwambiri ndi la helimeti, ngati aivule kapena ayi. Timawayankha kuti aisiye ngati munthuyo akupuma bwino ndipo akulankhula, koma aivule anthu awiri ngati akusanza, akubanika kapena sakupuma.